Ndowa ya Kabichi ndi Mlendo wa ku Jeremani

Inu, sunthirani kuno, basi ya ku Dudley siibwera msanga. Mwandifunsa chifukwa chimene ndimakanira mowa pa zikwati. Ndikuuzani, koma musaseke pakati, chifukwa nkhaniyi ndi ya ulemu wa banja.

Chinali chaka cha 1996, chija Ajeremani anatulutsa Angelezi mu mpira pa mapenate. Ine ndinkagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina ya mabawuti ku Oldbury konkuno, digiri ili pakhoma, tayi ili pakhosi. Mwana wa mlongo wanga, Deliwe, anali namwino ku Nuneaton, ndipo tsiku lina anandiimbira foni kuti wapeza mwamuna. Dzina lake Torsten, wogawa mankhwala pachipatala chomwecho, kwawo ku Jeremani. Bambo a mnyamatayo, a Eberhard, akubwera pakutha pa mwezi kudzaonana ndi akuchikazi. Nanga akuchikazi ake ndani ku Mangalande kuno? Ndine ndekha, Patson, malume ake. Mlongo wanga ku Ntcheu analemba kalata ya masamba anayi, koma mfundo yake inali imodzi: ukwati wa mwanayu uli m'manja mwako, usatichititse manyazi.

Deliwe anaimbanso. "Ankolo, pali zinthu zingapo zoti mudziwe za adadi ake a Torsten."

Ndinamudula pomwepo. Ndinamuuza kuti mwana saphunzitsa malume ake kulandira alendo, komanso kuti Jeremani ndimaidziwa. Sikunali kunama. Pobwera kuno ndinakhala maola asanu pabwalo la ndege ku Frankfurt, ndipo ndinaona zambiri.

Zimene zinandiphonya pabwalo lija anandiwonjezera ndi Albert, Mngelezi wosunga katundu kufakitale kwathu. Albert ulendo wake wautali kwambiri unali wa ku Hanley, tauni ya ku Mangalande konkuno, kokagulira mkazi wake mbale, koma za Ajeremani ankazidziwa ngati anakulira nawo nyumba imodzi. Anandiuza kuti Mjeremani amadya soseji m'mawa, soseji masana, ndipo madzulo akafuna kusintha amadya soseji ya mtundu wina. Anati ndiwo yawo ya ulemu ndi kabichi wowola. Anati mowa amamwera m'matambula aakulu ngati ndowa, madzi amangosamba. Kenako anatsitsa mawu n'kundichenjeza kuti kumeneko mwini nyumba wongonyambita tambula amaonedwa ngati munthu wachabechabe. Umayenera kugugudiza mpaka pansi pa tambula paoneke, ukapanda kutero mlendo amanyamuka osatsazika.

Tsono ine ndine munthu wa botolo limodzi pa Khirisimasi, ndipo limodzi lomwelo limandiimbitsa nyimbo za kwaya. Koma ukwati wa mwana wa mlongo wanga sukanatha chifukwa cha mmero wanga.

Ndinayamba ndi kabichi. M'sitolo ina ndinamupeza wokonzakonza m'kabotolo, koma ndinaona kuti kupatsa mlendo wochokera kutali ndiwo ya m'kabotolo ndi chipongwe. Ndinapita kumsika wa ku Bull Ring, n'kugula mitu isanu ndi itatu. Ndinaidula bwinobwino, n'kuiika mu ndowa, n'kuthira madzi, n'kuvundikira, n'kuiika pansi pa masitepe pafupi ndi paipi ya madzi otentha. Pambuyo pake ndinamva kuti eni ake amathira mchere wambiri ndipo saika potentha. Albert zimenezo sanatchule.

Sabata yoyamba kunali zii. Sabata yachiwiri mayi Helen a nyumba yoyandikana nafe anagogoda, n'kufunsa mwaulemu ngati paipi ya kuchimbudzi kwathu yaphulika. Patapita masiku awiri kunabwera bambo wa ku khonsolo ndi zitsulo zake. Anatsegula ngalande zonse za mumsewu wathu, sanapeze kanthu, anaima pakhomo pathu n'kununkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinamuyang'ananso ngati munthu wodandaula naye limodzi.

Mkazi wanga Vera si munthu wolankhulalankhula. Anangoti, "Bambo a kuno, chinthu chili pansi pa masitepecho chatsala pang'ono kuyamba kulipira rent."

Ndinamuyankha kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kabichi ndi chimodzimodzi.

Mowa ndinagula wa mitundu khumi ndi iwiri, mtundu uliwonse mabotolo awiri, langa ndi la mlendo. Matambula aakulu ngati ndowa sindinawapeze mu Birmingham monse, choncho ndinatsuka mitsuko iwiri ya galasi imene Vera ankaikamo maluwa. Soseji ndinagula zokwana kudyetsa anthu a pamaliro.

Loweruka lobwera mlendo belu linalira nthawi ya 12 koloko ndendende. Pamenepo Albert analondola, paja ananenanso kuti Mjeremani sachedwa, ndipo chikhulupiriro changa mwa iye chinakula. Koma munthu amene analowa sanali chimphona cha mimba chimene ndinkayembekezera. Anali nkhalamba yoonda ngati bango, ya magalasi, kabuku ndi pensulo zili m'thumba la malaya. Ndinati mumtima, oonda ndiwo amamwa, mowa umangodutsa.

Tsopano tamverani mwambo. Kwathu akuluakulu akamakambirana za ukwati, mnyamata ndi mtsikana sakhalapo. Choncho titangopatsana moni ndinathamangitsira Deliwe ndi Torsten kukhitchini kwa Vera. Torsten anayesa kunena kuti Chingelezi cha bambo ake ndi chochepa kwambiri, bwenzi iye atatsala kuti azimasulira. Ndinamuuza kuti akuluakulu amamvana okha, n'kutseka chitseko.

Mwambo wachiwiri mukuudziwa: mwini mowa ndiye amayamba kulawa, kuti mlendo aone kuti mulibe choipa. Ine ndinaphatikiza mwambo wa kwathu ndi wa Albert. Ndinathira botolo langa mumtsuko wa maluwa, ndinaimirira, ndinagugudiza mpaka pansi panaoneka. Kenako ndinatsegula la mlendo n'kumupatsa. A Eberhard analandira ndi manja awiri, anaweramitsa mutu, analiika patebulo, n'kulemba kanthu m'kabuku kawo.

Ndinadziwa kuti mtundu umenewo sunawasangalatse. Ndinatsegula wachiwiri, n'kugugudiza. Analandira, anawerama, anaika patebulo, analemba. Wachitatu chimodzimodzi. Pofika wachisanu mabotolo awo anali atandanda patebulo ngati ana a sukulu pamzere, onse odzaza, ndipo ine ndinayamba kuona a Eberhard awiri. Onse awiri sankamwa.

Vera analowa ndi chakudya atagwira mpweya. Anaika soseji, anaika kabichi, n'kutuluka mothamanga. Nditawasendezera soseji, mkuluyo anagwira pamtima n'kupukusa mutu pang'ono. Ine ndinamva kuti soseji zawakhudza mtima ndipo akuzisungira kumapeto. Anatenga foloko n'kuyamba kabichi.

Ndaonapo amuna olimba mtima, inu, koma munthu uja ndimamuvulira chipewa. Foloko yoyamba maso anatuluka misozi. Anameza. Anapitiriza pang'onopang'ono mpaka mbale inayera mbee. Tsono kwathu mlendo akayeretsa mbale ndiye kuti sanakhute, ndipo mwini nyumba amachita manyazi. Ndinawaonjezera. Anandiyang'ana, anayang'ana mbale, anapukuta magalasi, n'kuyambanso. Inayeranso. Ndinaonjezeranso. Sindinkadziwa kuti kwawoko mwana amakula ndi lamulo loti chimene chili m'mbale chithe. Tikanakhala ndi ndowa ziwiri, bwenzi tikunena za maliro.

Pa botolo lachisanu ndi chiwiri ndinaimirira kuti ndiyambe mawu a unkhoswe, amene ndinawakonza sabata yathunthu. Zimene ndikukumbukira ndi zochepa. Ndinawafotokozera mmene Deliwe anagwera m'chitsime ali ndi zaka zinayi. Ndinalira pokumbukira mlongo wanga. Ndinawaonetsa mmene penate imamenyedwera, pogwiritsa ntchito pilo. Kenako ndinayamba nyimbo ya kwaya, ndipo mkuluyo anaimirira njo, manja m'mbali, poganiza kuti ndi nyimbo ya fuko lathu. Vesi lachiwiri lili mkati nkhope yawo inasintha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatsekuladi, ndipo masitepe athu anawakwera awiriawiri.

Deliwe atalowa, dzuwa likadali pamutu, anapeza malume ake ali chigonere pakapeti, tayi ili mumtsuko wa maluwa, apongozi ake atadzitsekera kuchimbudzi.

Anadikira mpaka m'mawa mwake kuti andiuze. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiko kunandiwawa. Anati a Eberhard sanalawepo mowa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo kutchalitchi kwawo ndiwo amatsogolera gulu lothandiza anthu kusiya kumwa. Nyama anasiya atachitidwa opaleshoni ya mtima. Chimene amakonda ndi tiyi ndi kakeke. Asanabwere anawerenga buku lina lonena kuti ku Africa kukana chimene wapatsidwa ndi kunyoza banja lonse, n'chifukwa chake ankalandira chilichonse ndi manja awiri.

"Ndimafuna kukuuzani pa foni paja, ankolo," anatero. "Torsten ndimamukonda serious. Tsopano adadi ake akaganiza kuti ndine wochokera m'banja lotani?"

Anatenga chikwama chake n'kukakwera sitima ya ku Nuneaton akulira. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire. Masabata atatu foni sinalire. Kalata yopita kwa mlongo wanga ndinaiyamba kasanu, kasanu konse inathera pa moni. Ndowa ija ndinakaikwirira kuseri kwa nyumba, ndipo pamalopo udzu sunamerenso. Vera sananene kuti ndinakuuzani, anangogula maluwa atsopano n'kuwaika mumitsuko ija pamene ndizionapo tsiku lililonse.

Sabata yachinayi Torsten anabwera yekha ndi kalata ya bambo ake, n'kuimasulira atakhala pampando womwe uja. Mkuluyo analemba kuti anagona masiku awiri, ndipo ali chigonere anaganiza mofatsa. Anati banja limene limayesa mlendo ndi chakudya chotero lisanapereke mwana wake ndi banja lokonda mwanayo kwambiri. Anati sanaonepo munthu wodzipereka pa mwambo wa makolo ake ngati ine, womwa yekha mabotolo asanu ndi awiri m'malo mwa mbumba yonse imene inalephera kubwera. Anafunsa ngati mayeso aja anakhoza. Ngati anakhoza, ukwati uchitike chaka chamawa kwawo, ndipo malume akhale mlendo wolemekezeka.

Ndinamuuza Torsten kuti akawauze kuti anakhoza bwino ndithu. Iye ankadziwa zoona zake, ine ndinkadziwa kuti akudziwa, ndipo tinamwa tiyi.

Chaka chotsatira ine ndi Vera tinapita. Kanali katauni kakang'ono, kaukhondo, ka matchalitchi awiri. Phwando la ukwati linali masana mu holo ya mpingo. Ndinayang'ana matebulo onse: khofi, makeke, madzi a maapozi. Mtima unakhala pansi. Kenako anandilondolera kumalo kwanga, tebulo la ndekha pafupi ndi zenera lotsegula. Pamenepo panali tambula imene Albert ankanena ija, yeniyeni, yodzaza mpaka thovu kusefukira. Pambali pake panali mbale yovundikira, ndipo fungo lake ndinalizindikira ndisanafike.

Torsten anandinong'oneza kuti bambo ake atabwerako anakamba nkhani kutchalitchi, kabuku kaja kali m'manja, ya miyambo ya Amalawi. Holo inadzaza. Amayi a mpingo anamva chisoni kuti mlendo angadzasowe chakudya cha kwawo, choncho analembera kalata Vera kufunsa kakonzedwe kake. Vera anawayankha mwatsatanetsatane, mpaka za paipi ya madzi otentha. Amayiwo anakonzera m'shedi ya kumanda, chifukwa panalibe amene analola kunyumba kwake.

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye ankayang'ana keke.

Anthu makumi asanu ndi atatu anatembenukira kwa ine. A Eberhard anabwera pang'onopang'ono, ananyamula chitambula chija, anachigunditsa pamilomo yawo yotseka kuti ndione kuti mulibe choipa, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ananena liwu limodzi la Chichewa limene anaphunzira chaka chonsecho: "Malume."

Deliwe anali poteropo mu diresi lake loyera, akundiyang'ana, maso ali ndi misozi koma akumwetulira. Inu mukanatani? Ndinaimirira, ndinagugudiza mpaka pansi panaoneka. Anaomba m'manja. Kabichi ndinamaliza, ndipo mayi wina wachifundo, amene anamvetsera bwino nkhani ya kutchalitchi ija, anandionjezera.

Mpaka lero m'katauni kameneko amadziwa kuti Amalawi ndi anthu aulemu, oimba bwino, koma mowa ndi kabichi wowola sungawaletse.

Lolemba nditabwerera kuntchito, Albert anandipeza pakhomo la ofesi. Anafuna kudziwa ngati ndinaona mmene amamwera kumeneko. Ndinamuuza zoona, kuti masiku anayi onse amene ndinakhala ku Jeremani ndinaona munthu mmodzi akugugudiza tambula yaikulu ngati ndowa, masanasana, n'kutsirizira ndi mbale ziwiri za kabichi wowola.

Albert anagwedeza mutu mokhutira. "Ndinakuuza, Patson," anatero. "Anthu amene aja sasintha."