Mmene Ndinaluzira Lamba wa Majuniya

Anthu a kuno kwa Nsaru akandiona ndikudutsa pa njinga amakuwa kuti, "A Juniya, mwaswera bwanji?" kenako n'kufa nacho chiseko. Ine bambo wa ana atatu, imvi zili mbuu m'ndevu. Poti aliyense akuikamba nkhaniyi mothira mchere wake, bola ndiikambe ndekha mwini manyazi.

Ine matenda anga ndi resiling'i. Ena mpira, ena bawo, ine ndi anthu ogwetsana mu ring'i. Koma osati zimphona zija zongokankhana ngati ng'ombe za pangolo, ayi. Ine ndimafera mpikisano wina wa ku Japan wa anthu opepukirako thupi, amene amawatchula kuti majuniya. (Musaganize kuti ndi ana. Ndi azibambo ndithu, kungoti pa sikelo sayenera kupitirira matumba awiri a chimanga.) Mbiri yake ndimaidziwa kuposa mayina a azakhali anga. Ndimadziwa kuti unayamba kalekale, unasinthapo dzina, ndipo amaitana akatswiri a ku Mexico ovala zophimba kumaso pamodzi ndi ena a ku Ulaya ndi ku Amereka. Amawagawa m'magulu, aliyense n'kulimbana ndi anzake onse, mpaka otsogola akumane pa ndime yomaliza. Zonsezi ndinaziphunzira pa foni, ndipo ndimazilalikira kuchigayo, kudimba ngakhale pa mzere wa feteleza, kaya munthu wafunsa kaya sanafunse.

Tsiku lina ndili pakhonde, ndikufotokozera anzanga mmene majuniya amaulukira kuchokera pamwamba pa zingwe, ndinamva akazi anga, mayi a Tadala, akuuza mnzawo kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Asiyeni azilongolola. Iwowo kuti adumphe mzere wa m'munda amayamba apemphera kaye."

Anaseka mpaka kuombana m'manja. Abale, zinandiwawa. Mayiwa ndinawafunsira ndili goloboyi wa timu ya m'mudzi, wowonda, wouluka, ndipo ankaimirira kuseri kwa golo kumandiimbira. Lero ndasanduka nthabwala ya kuseri kwa chigafa? Ndinalumbira mumtima kuti mayi a Tadala adzandiomberanso m'manja anthu akuona, zivute zitani.

Mwayi sunachedwe. Titakolola, kutchalitchi kwathu anakonza tsiku la masewera, ndipo komiti inkafuna china chatsopano osati kumangothamanga m'masaka chaka ndi chaka. Ine dzanja m'mwamba: mpikisano wa majuniya! Olembetsa tinapezeka awiri, ine ndi alamu anga a Gilibati, mlongo wawo wamng'ono wa mayi a Tadala, munthu wonyamula belo la fodya ngati wanyamula pilo. Poti mpikisano umayenera kukhala wa mayiko, a Gilibati anaimira Zambia chifukwa anagwirapo ganyu ku Chipata. Ine ndinaimira Mexico chifukwa ndinali nditaboola kale chipewa chaubweya cha Tadala kuti chikhale chophimba kumaso.

Tsono chinsinsi cha resiling'i n'chakuti olimbanawo amapangana. Ndinawakokera pambali alamuwo.

"Alamu, inu mudzandigwire pakhosi, koma monamizira. Ine ndidzakuwa ngati ndikufa. Anthu akadzagwira m'mutu, ndidzapulumuka, ndikwere pa benchi, ndikudumphireni, inu n'kugwa chagada."

"Ndigwe ine? Akazi anga akuona?"

"Kamodzi kokha, alamu. Tambala wofiira uja ndi wanu."

Anavomera msanga moti ndinadandaula kuti bwenzi nditayamba ndi kamsoti. Tinkayeserera kumunda, ndipo mayi a Tadala sindinawauze kanthu. (Apa ndi pamene nzeru zanga zinathera, koma nthawi imeneyo ndinkadziona ngati katswiri.)

Tsikulo litafika, ring'i tinaimanga ndi milongoti inayi ya bulugamu ndi malegeni a njinga, pansi n'kuyala mapesi ndi matiresi akale. Lamba wa wopambana anali lamba wotha wa chigayo, pakati titamangirira chivindikiro cha poto chotsukidwa mpaka kuwala. Oimbira masewera anali aphunzitsi a kwaya, ndi wezulo wawo.

Choyamba kunali kukwera sikelo, poti ine malamulo sindiseweretsa. Tinabwereka sikelo ya venda wina wogula soya, n'kuikoloweka pa nthambi ya mango. Ndinalowa m'thumba ngati nkhumba yopita kumsika, anthu n'kundikweza. Ndinatsinzina, chifukwa ndinkadziwa zimene ndakhala ndikudya. Koma muvi unaima patali ndithu, usanafike pa matumba awiri aja. Ndisanayambe n'kunyada komwe, mayi wina anakuwa kumbuyo.

"Mwaona? Bambo onsewa akuti ndi opepuka! Sikelo imeneyi ndi yomwe inandidyera soya wanga!"

Venda uja anayamba kuyang'ana mitambo. Ine ndinatuluka m'thumba ndili juniya wovomerezeka.

Wezulo atalira, zinayamba bwino kwambiri. Ndinazungulira ring'i ndikudziguguda pachifuwa, ana akukuwa, amayi akululutira. Ndinaponya diso pa mabenchi, ndipo mayi a Tadala anali atagwira pakamwa. Ndinati eya, ayamba kundiona. A Gilibati anabwera monga mwa pangano n'kundikoleka mkono m'khosi.

Vuto linali chipewa chija. Ndi thukuta komanso mkono wa alamu, chinatembenuka. Mabowo a maso anapita kukhutu, ubweya wonse n'kudzaza m'kamwa ndi m'mphuno. Mdima bii, mpweya osalowa.

"Alamu, ndikubanika!" ndinatero.

"Mukutha, alamu, pitirizani," anandinong'oneza, uku akulimbitsa mkono.

"Zenizeni, alamu! Ndikufa!"

"Eee, koma inu ndi katswiri. Kuwani kwambiri, a kumbuyo sakumva."

Ndinapalasa miyendo, ndinamenya matiresi, ndinaitana oyera mtima onse amene ndimawadziwa. Anthu ankangoombera m'manja. Ndiye pakati pa phokoso lonselo ndinamva mawu amene ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo.

"Iwe Gili! Tamusiye!"

Zotsatirazo sindinazione ndi maso anga, ndinachita kuuzidwa ndi mudzi wonse. Akuti mayi a Tadala anamanga chitenje m'chiuno, anakwawa pansi pa malegeni, anagwira mlongo wawoyo lamba wa buluku ndi dzanja limodzi, n'kumutchera mwendo. Ine ndinangomva kuti khu! nthaka n'kugwedera, mkono n'kuchoka pakhosi. Nditavula chipewa ndinapeza dziko la Zambia lili chagada m'mapesi, akazi anga atalikhalira pachifuwa.

"Ndinakubereka kumsana ine, lero ukufuna undisandutse wamasiye? Mwamuna uyu womunyoza ndine ndekha, wamva?"

Aphunzitsi a kwaya, kaya ndi mantha kaya ndi chimwemwe, anagwada n'kumenya pansi katatu, wezulo n'kulira. Bwalo lonse linaimirira. Amayi a m'mphakati mwathu analowa mu ring'i akuvina, n'kuwamanga mayi a Tadala lamba wa chigayo uja m'chiuno. Ine mwaulemu ndinayesa kukumbutsa komiti kuti wopambanayo sanalembetse, sanakwere sikelo, ndiponso sakuimira dziko lililonse.

"Akuimira Malawi, bambo," anatero aphunzitsi a kwaya. "Inu khalani pansi mupume."

Ndinakhaladi pansi. Mayi a Tadala anasiya ovina aja, anabwera ndi lamba wawo akulendewera, n'kugwada pafupi nane. Anandipukuta ubweya kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Mukupuma, bambo a Tadala? Tayankhulani, kodi mukupuma?"

M'maso mwawo munali misozi yeniyeni. Ndikuuzeni zoona, m'manja sanandiombere, benchi sindinakwere, ndipo mudzi wonse unandiona ndikupalasa miyendo ngati nkhuku yoti yagwidwa. Koma chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachimvepo ngakhale nthawi ya ugoloboyi. Mayi amene ndinkati anasiya kundiwerengera anagwetsa mlongo wawo wa bere limodzi chifukwa cha ine.

Titafika kunyumba ananditenthetsera madzi n'kuyamba kundithowa pakhosi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule kuti zonsezo tinachita kupangana, ndipo wolakwa ndine osati a Gilibati. Koma nditamva mmene kansalu kofunda kankayendera pang'onopang'ono, ndinangoloza mbali inayo n'kunena kuti, "Apanso pakupweteka."

Mpaka lero sakudziwa, ndipo alamu anga akalowa pakhomo pano amapatsidwa mpando wothyoka. Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukakumana nawo mayi a Tadala pamjigo, chonde apatseni moni n'kumapitirira ulendo wanu.