M'mimba Mulibe Mano

Pali nkhani zina zimene ukafotokoza anthu amaseka mpaka misozi, iwe n'kuseka nawo, koma ukafika kunyumba misozi yako n'kukhala ina. Yanga ndi ya nyemba za pamaliro a atate.

Atate anagwira ntchito mumgodi wa kuno ku Kabwe mpaka unatsekedwa, ndipo chilichonse ankachifotokoza ndi mgodiwo. Akandiona ndikumeza mothamanga ankandigwira dzanja n'kuyamba: mwala sulowa m'ng'anjo usanaphwanyidwe. Mano aphwanye, malovu afewetse, chifu chisakanize, matumbo ayamwe zabwino, zotsalazo zituluke pa nthawi yake. Pomaliza anali mawu omwewo tsiku lililonse: "M'mimba mulibe mano, mwana wanga." (Ine ndinkavomera ndi mutu, m'kamwa muli tho.)

Pamene ankamwalira ndinali ku Lusaka, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi itatu ndisanawaone. Ndinafika kwathu ku Kasanda thupi lili kale kumochale. Ndinadzitonthoza kuti nkhope ndikaiona kutchalitchi Misa ikatha, pamene bokosi limatsekulidwa komaliza. Masiku awiri sindinaike kanthu m'kamwa.

Tsono ife a Kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Maliro akakhala athu, iwo ndiwo amaphika, kutinyoza ndi kutithira ufa kumutu kuti chisoni chisatimalize. M'mawa wa tsiku loika, Bana Chanda, Mbemba woyandikana nafe, anandipeza kuseri kwa nyumba. Anayamba andithira ufa, kenako n'kundipatsa mbale ya nyemba ndi kapu ya munkoyo, thobwa lathu la kuno.

"Iwe Mungoni wakudya mbeba, idya," anatero. "Ufuna ukagwele m'manda tikwilile babili? Ise talema."

Ambuya ako a pa chimbuya suwakanira pamaliro. Minibasi inali itayamba kale kuliza hutala, choncho nyembazo ndinangozikhuthulira kukhosi ngati ndikuthira m'thumba, osatafuna. Zinali zosapsa bwino (za m'dramu sizipsa zonse), ndipo munkoyo uja unali wogonera masiku angapo. Ndinagugudiza wonse.

Kutchalitchi, pa mawu oyamba a Misa, mimba inayamba kulira. Pa ulaliki inali ikuyankhana ndi wansembe, moti mlongo wanga anandisisita pamsana poganiza kuti ndikusisima. Pofika nthawi yolandira Ukaristia thukuta linali kamukamu, ndakhalira tako limodzi, ndikuitana oyera onse amene ndinkakumbukira mayina awo. Ndinapirira, abale inu, ndinapirira. Koma wansembe atangoyamba kuwaza bokosi ndi madzi odalitsa, matumbo anagamula mlandu, ndipo ndinatuluka ndi liwiro, mutu uli mbuu ndi ufa. Anthu ankangoti chisoni chandikulira.

Chimbudzi chinali kuseri kwa holo. Ndili m'menemo ndinkamva kwaya ikuimba nyimbo yoonera nkhope. Ndikati ndidzuke, mimba n'kundikhazikanso pansi, katatu konse. Atate anga ndinawalira nditanyonyomala, nyemba zikutuluka zathunthu monga zinalowera.

Potuluka ndinapeza bokosi latsekedwa, akulikweza m'galimoto. Mlongo wanga anandiuza kuti Bana Chanda anakakamira chivundikiro nthawi yaitali, akunamizira chimbuya, ati Mngoni wagonayo sanawatsanzike bwino, mpaka akuluakulu a mpingo anachita kuwachotsapo. Bana Chandawo atandiona sanandinyoze. Anandipukuta ufa pamphumi ndi chitenje chawo, n'kunena chapansipansi kuti, "Benze monga bagona chabe, mwana wanga."

Nkhope yomaliza ya atate ndimaidziwira pa mawu amenewo basi, ndipo zimandipwetekabe. Masiku ano ndimatafuna mpaka ana anga amandisiya ndekha patebulo, akuseka kuti ndimadya ngati ng'ombe yobzikula. Wina akameza mothamanga ndimamugwira dzanja. Koma mawu a atate aja, ndikati ndinene, amandikakamira pakhosi.