Tsiku Limene Fatsani Analira Mvula

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa makolo a m'nthawi ya nyanda. Asiyeni, iwowo kunalibe. Unayambira ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, kuseri kwa chigayo, m'kachipinda kakang'ono koti mbuzi ikalowamo imatuluka chammbuyo.

M'kachipindamo munali kampani. Mwini wake anali mnyamata wina dzina lake Fatsani, ngakhale kufatsako kunathera pa dzina pomwepo. Iye ndi mnzake Ndaziona, mtsikana wodziwa kompyuta, anapanga apu ya pafoni yotchedwa Ndinyamule. Ukadina batani, wakabaza amabwera pamene waimapo. Nzeru yabwino ndithu. Koma odina anali owerengeka. Munthu wa ku Chinsapo akafuna kabaza amangoimba mluzu, ndipo mluzu sufuna bandulo.

Tsono kunali Mayi Nasibeko, a mashopu ambiri m'tauni, amene analonjeza kuikapo dzanja pa kampaniyo.

"Koma mwana wanga," anatero mayiwo, "ine sindithirira munda wopanda mbewu. Ndione kaye anthu akudina chaka chisanathe. Apo bii, ndilowera kwina."

Fatsani anawerenga pa intaneti kuti makampani akunja amalemba mkulu wokuza kampani, munthu amene ntchito yake n'kubweretsa khamu. Basi analengeza ntchito.

Woyamba kubwera anali mayi wina wa laputopu, wolankhula modekha. Iye anati, "Tiyambe ndi msewu umodzi. Tione amene akubwereranso, kenako tionjezere njinga pang'onopang'ono."

Fatsani anayasamula. Mawu akuti pang'onopang'ono ankamuyabwa ngati chitedze.

Wachiwiri anamveka asanaoneke, ndipotu chigayo chinali chikulira. Anali a Zakeyu, oyendetsa miyambo ya maukwati, atavala suti yofiira yonyezimira, maikolofoni ili m'thumba ngati mswachi.

"Munagwirapo ntchito ya makompyuta, bambo?" anafunsa Fatsani.

"Bwana wamng'ono, kompyuta n'chiyani pamaso pa perekani-perekani? Ine ndinavinitsa apongozi amene anali atanyanyala ukwati. Ndinaitanapo nkhalamba ya ndodo, ndodoyo mpaka lero ili pampando."

Ndaziona anakweza mutu. "Nanga anthu akabwera ambiri? Njinga tili nazo zinayi zokha, ina yopanda mabuleki."

"Chemwali, ine ntchito yanga n'kuitana. Kuphika n'kwa eni ukwati."

Fatsani anaomba m'manja. "Wamva, Ndazi? Munthu wodziwa malire a ntchito yake! Bambo, mwayamba lero."

A Zakeyu sanachedwe. Anati, "Dzuwa likamawala, aliyense ali ndi miyendo. Koma mvula ikagwa, aliyense ndi bwana. Tilengeze kuti tsiku la mvula yoyamba, kukwera n'kwaulere."

"Kwa anthu angati?" anafunsa Ndaziona.

"Funso lotere limaumitsa ukwati," anayankha a Zakeyu. Fatsani analemba mawuwo pakhoma.

Bambowo anayenda m'maukwati, m'zinkhoswe, pa mpira, paliponse pamene anthu akhala pansi. Ankaitana ngati pa perekani-perekani.

"Onse obadwa Lachiwiri, tulutsani mafoni! Onse amene munakanidwapo chibwenzi, tulutsani! Amene simunakanidwepo, ndinu abodza, tulutsaninso!"

Anthu anaika apu m'mafoni mwawo, Chinsapo yense. Koma panalibe wodina. Onse ankadikira tsiku laulere. Ngakhale aphunzitsi ena amene kale ankadina mwa apo ndi apo analeka, nayamba kuyenda wapansi maso ali kumwamba.

Ndiye mvulayo inachedwa. Dzuwa linaswa mtengo, Novembala nkumapita. Mayi Nasibeko ankaimba foni: "Odina aja ali kuti?"

Fatsani anayamba kulira mvula kuposa mlimi. Kutchalitchi akati tipempherere mvula, ameni wake ankadzutsa makanda.

"Munda wanu uli kuti, achimwene?" anamufunsa mkulu wa mpingo.

"Uli mufoni, abambo."

Atamva kuti mvula imakonda zovala zochapa, anachapa zake zonse, zoyera ndi zakuda zomwe, nayanika. Atamva kuti imakondanso ufa wapamphasa, anagwada pamaso pa amayi a kuchigayo kuti ayanike wawo pabwalo. Amayiwo anamuthamangitsa ndi lichero.

Mvula inabwera Loweruka masana, tsiku la maukwati, anthu onse ali panja atatchena. Inagwa ngati yakwiyira munthu. Fatsani anavina pakhomo manja ali m'mwamba. Mkati, laputopu ya Ndaziona inayamba kulira ngati anapiye osowa make.

Chinsapo yense anadina. Anadina opita kutauni. Anadina opita kwa aneba. Bambo wina anadina kuti amufikitse kuchimbudzi kuseri kwa nyumba yake, ati zaulere sizisankha mtunda.

Misewu inasanduka phala. Wakabaza woyamba anatitimira pa mphambano. Wachiwiri anathimitsa foni n'kubisala m'bala. Wachitatu ananyamula azakhali a mkwati wina, ndipo pofika pa msika anali azakhaliwo akukankha njinga. Wachinayi anayang'ana njinga yopanda mabuleki ija nati, "Bwana, ine ndili ndi ana," n'kuikhazika pakhoma.

Posakhalitsa khamu linafika pa ofesi. Anthuwo anayenda wapansi, m'mvula, kudzafunsa chifukwa chake akuyenda wapansi m'mvula. A Zakeyu anaima pakhomo ndi ambulera, nkhope ikuwala.

"Bwana wamng'ono, anthu anu aja ndi awa! Ndiitanenso ena?"

Pamenepo Ndaziona anamukoka Fatsani malaya, akuloza pa laputopu. "Taona dzina ili."

Mayi Nasibeko anali atadina. Anaima pakhonde la golosale kumtunda kwa msika, akupita ku ukwati, ndipo anati ayese okha apu ya mwana uja.

Fatsani anatulukira pawindo, nalanda njinga yapakhoma ija. Anawapeza mayiwo atavala zoyera kuyambira duku mpaka nsapato.

"Mwini kampani kudzanditenga yekha? Ulemu umenewu!"

"Kwa ife kasitomala ndi mfumu, mayi. Khalani bwino."

Kuchokera pa golosale kupita ku holo ya ukwati n'kotsetsereka, ndipo kumunsi kuli dambo. Njinga inayamba kuyenda, kenako kuthamanga, kenako inayamba kudzilamulira yokha.

"Gwira mabuleki, mwana iwe!"

"Mabuleki ali mu pulani ya chaka chamawa, mayi!"

Phwaa! Njinga uko, duku uko, nsapato imodzi mpaka lero sinaoneke. Khamu lija linali litawatsatira, a Zakeyu patsogolo. Munthu akazolowera ntchito, pakamwa sipadikira mutu. Bambowo anakweza maikolofoni.

"Onse amene agwa m'matope, imirirani tikuoneni!"

Amayi ena analuluta mwa chizolowezi.

Mayi Nasibeko anadzuka pang'onopang'ono, oyera maso okha. Anayang'ana khamu lonse, kuyambira kudambo mpaka kumsika.

"Anthu onsewa wawaitana ndani?"

"Ndine, mayi," anatero a Zakeyu akuwongola tayi.

"Lolemba mubwere ku shopu kwanga. Inuyo ntchito mumaidziwa, ndipo ine katundu wogulitsa ndili naye."

Fatsani analavula dothi. "Nanga kampani yathu, mayi? Munati muone kaye anthu. Anthutu mwawaona."

"Ndawaona, mwana wanga. Nawonso andiona."

"Koma ine ndinangopempha mvula basi!"

"Mvula unaionapo ikuyenda yokha, yopanda mng'ono wake?" Mayiwo anakolopola matope pankhope, nawapaka pamphumi pa Fatsani ngati akumudzoza. "Uyu ndi mng'ono wakeyo. Mulandire."

Anachoka akutsimphina ndi nsapato imodzi, a Zakeyu atawafunditsa ambulera. Fatsani anatsala m'dambo, foni ikulirabe m'thumba. Anali bambo wa kuchimbudzi uja, kufunsa ngati njinga yanyamuka.

Tsono inu, mukadzafuna kuitana khamu, muyambe mwaona mabuleki. Paja kuyambira Loweruka limenelo anthu amati: walira mvula, walira matope.