Ndinavala Diresi Lanu, Amayi

Amayi, mundimvere kaye musanaseke. Ndikudziwa kuti kumene muliko nkhaniyi inakupezani kale, chifukwa anthu a kwathu ku Ntchisi pakamwa sipatseka ngakhale atamwalira, ndiye aliyense amene wakutsatirani wabwera nayo ataithira mchere wake. Lero mumve kwa mwini wake, ine Layitoni wanu, wochapa ndi kusita mu hotela ya ku Al Sadd kuno ku Doha.

Mukukumbukira kuti ndinali munthu woyenda. Sukulu ndinalekera Fomu 2, koma dziko ndinaliphunzira ndi mapazi. Ndinkagwira mashifiti a anzanga, maofu anga n'kumawasunga ngati mbewu, akachuluka ndanyamuka Lachinayi, Lamulungu ndabwerera pa simbi ngati palibe chachitika. Nzeru yanga inali imodzi: tikiti yolunjika ndi ya mabwana. Ine ndinkagula yoduladula, kachidutswa apa, kachidutswa apo, zotchipa zokhazokha, n'kumazilumikiza ngati zigamba za pa kabudula. Katundu wanga chinali chikwama cha m'manja basi. Ndi nzeru imeneyo ndinakagwira chipale chofewa ku Georgia, ndinakaona mapiri a tiyi ku Sri Lanka obiriwira ngati ku Thyolo, ndinakagona pa benchi ku Nepal mitambo ili pansi ine ndili pamwamba. Ndikakuimbirani kuti ndikuuzeni zodabwitsazo, funso lanu linali lomwe lija: "Nanga kumeneko amalima chiyani?"

Kenaka inafika bulokedi, nthawi ija mayiko oyandikana nafe anatitsekera malire, pansi ndi kumwamba komwe. Njira yanga yodzera ku Dubai inafa tsiku limodzi. Mkaka unavuta m'mashopu mpaka ng'ombe zinachita kubwera pa ndege, ndipo nditakuuzani munaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'ombe pa ndege? Ndiye zimakhala pansi kapena zimaimirira?"

Ine sindinagonje. Ndinapeza kanjira kena kozembera ku Muscat, ku Oman, ndipo anzanga anayamba kumandifunsa nzeru ngati sing'anga.

Nthawi yomweyo ndi pamene munandituma. Munati, "Layitoni, mayiko onse ukuyendawa, undigulireko diresi loyera. Osati la kutchalitchi ayi. Lodzapitira." Ndinakukalipirani kuti musamayankhule zimenezo, koma ndinakaligula ndithu m'shopu ina ku Rawdat Al Khail, konkuno ku Doha, lalitali mpaka ku akakolo, manja aatali, pachifuwa pali timikanda tachitsulo tonyezimira ngati mame. Ndinalisita ndekha, ndi manja anga a ntchito, n'kulipachika pamwamba pa bedi. Ndinkati ndidzabwera nalo pa Khirisimasi.

Inu simunadikire Khirisimasi. Munachoka mu Ogasiti, Lamulungu, ndipo Esinati, mlongo wanga, ndi amene anaimba. Misozi isanaume, malume analanda foni.

"Maliro ndi Lachinayi. Anthu sangakhale akutha ufa pano mpaka iwe utatsika kumitambo. Diresi limene ankanena mayi akolo ubwere nalo, amayi osambitsa adzadikira m'mawa wa Lachinayi. Komanso, poti ukubwera kale, undinyamulireko kafoni ndi nsapato, saizi ukuidziwa."

Amayi, mlongo wawo ali mu mochale, iwo akunena za saizi! Ndipo sanali okha. Alamu anga, akazi a achimwene a Lameki, anatumiza uthenga wa perefyumu. Wina zipatso za tende za kuno, wina wotchi, wina chaja. Uthenga uliwonse unkayamba ndi "pepani" n'kuthera pa "musaiwale". Ine chitsiru chanu ndinagula zonse, ndikutukwana mumtima.

Jafali, mnzanga wa ku Mangochi amene timagona chipinda chimodzi, anandikhazika pansi.

"Akulu, gulani yolunjika, yodzera ku Addis. Awa ndi maliro, si holide."

"Iwe unapitako kuti?" ndinatero. "Ukudziwa bwalo la ndege limodzi, limene unatsikira. Ndalama yotsala ndikagulira mbuzi ya pamaliro."

Bwana anasaina zondilola kutuluka Lachiwiri, ndiye ndinalumikiza zigamba zanga: Lachitatu masana Doha mpaka Muscat, Muscat mpaka Dar es Salaam, Lachinayi kukamacha ndatera ku Lilongwe, galimoto, Ntchisi. Pa foni zinkaoneka zokongola ngati mizere ya m'munda mwanu.

Vuto la tikiti yoduladula ndi ili: sungapereke sutikesi kuti ilowe m'mimba mwa ndege, chifukwa pa Muscat uyenera kutuluka kukaitenga, ndipo kutuluka kumafuna viza. Ndiye zonse zilowe m'chikwama cha m'manja, chomwenso amachiyeza pa sikelo. Chikwama chinadzaza ndi za amoyo. Pa bedi panatsala za inu: diresi, bulangete lokufundikirani m'bokosi, zitenje za amayi a pa siwa, ndi suti yanga yakuda. Kuti ndikanikizire diresi lanu pansi pa nsapato za malume? Mtima unakana. Apa ndipo ndinakumbukira lamulo lalikulu la oyenda motchipa: sikelo imayeza chikwama, siyeza munthu.

Ndinalivala, Amayi.

Jafali ndiye ankakoka zipi kumsana, mapewa ake akugwedezeka.

"Pepani akulu, ndikulira ndithu, musandione molakwika. Tapumirani m'kati. Mayi anali ochepa thupi eti?"

Zipi inakwera. Kumunsi konse ndinakukwinyira m'buluku, zitenje ndinakulunga pamimba, kenaka shati, kenaka suti, kenaka jekete lija ndinagulira chipale cha ku Georgia, bulangete paphewa. Munthu amene ndinakana kuti diresi lipindike ndi amene ndinali nditalikwinyira m'buluku, koma nzeru imeneyo inandifikira mochedwa. Nditayang'ana pa galasi ndinaona nkhokwe yovala tayi.

Inu simunaione Doha mu Ogasiti. Mpweya wake umakhala ngati wina wakuphimba kumaso ndi thaulo lonyikidwa m'madzi otentha. Kungochoka pakhomo kufika pa msewu ndinali nditasungunuka theka. Woyendetsa takisi anandiyang'ana pa kagalasi kake, n'kuyang'ananso.

"Habibi, mnzanga, eyapoti kapena chipatala?"

Pa sikelo ndinadutsa ngati mfumu, chikwama chinakwana ndendende, mpaka ndinadziyamikira mumtima kuti Layitoni iwe ukanangomaliza sukulu! Koma kutsogolo kunali kachipata kaja kofufuza zitsulo. Ndinavula lamba, wotchi, bulangete, jekete. Ndikudutsa, piii! Ndibwerere, ndidutsenso, piii! Msilikali wachinyamata anandiyendetsa kandodo kake, miyendo zii, mimba zii, kufika pachifuwa kandodo kanalira ngati mwana wolumidwa ndi njuchi. Timikanda tanu tija!

Ananditengera m'kachipinda ka pambali, iye ndi mkulu wake wa ndevu zaimvi. Anayamba kundisenda ngati chimanga chachiwisi. Suti pansi. Shati pansi. Chitenje choyamba, chachiwiri, chachitatu, wachinyamata uja akuziyala pa tebulo ngati pa msika. Atati ndimasule buluku, diresi lonse linatsika lokha, pyoo, mpaka ku akakolo. Ndinaima pamenepo, mwamuna wa ndevu zanga, sokosi zakuda, diresi loyera lonyezimira, thukuta likuchucha.

Munthu umanena chiyani pamenepo? Chizungu changa chonse chinathawa. Mkulu uja anafunsa m'Chiarabu, dzanja likuzungulira m'mwamba, ndipo sikunafunike womasulira.

"Mama," ndinatero, ndikugwira timikanda tija. "Mama khalasi." Khalasi kuno ndiye kuti zatha. Ndinaloza kumwamba, kenaka pansi, kenaka ndinayamba kulira kumene sindinalire chiyambire Lamulungu, kwa mamina ndi phokoso.

Wachinyamata uja anali akudziluma mlomo kuti asaseke, koma mkulu anamuyang'ana kamodzi basi. Anaika dzanja pamtima, nanena mawu awo opepesera maliro, motsitsa. Mlendo, Amayi, wosadziwa ngakhale dzina lanu, ndipo sanandifunse chaja! Anandipatsa madzi ozizira, anandithandiza kukwinyiranso diresi m'buluku ngati bambo akuveka mwana yunifolomu, n'kundilozera chipinda chopumiramo anthu. "Yala, tiye, habibi. Nthawi ilipo. Pumula."

Shati sindinavalenso, ndinangoponya suti pamwamba. Chipinda chija chinali cha mdima pang'ono, mipando yake yogoneka, kuzizira ngati Juni wa ku Ntchisi, ndipo mulibe zolengeza kuti anthu asasokonezeke. Thukuta lija linasanduka madzi oundana. Ndinati ndingofunda bulangete lanu pang'ono. Pang'ono pokha.

Munabwera pomwepo. Munakhala mpando wa pawindo, mpango wanu wa madontho uli kumutu, lamba mutamanga bwinobwino ngati munthu wozolowera. Ndege inkayenda mopanda phokoso, ngati bwato. Pansi pathu mitambo inali yoyera mpaka kumalekezero, inu n'kugogoda galasi ndi chala.

"Thonje lonseli adzatola ndani?"

Mipando ya kumbuyo inali yodzaza ng'ombe, zitakhala pansi mwaulemu, zikubzikula, ndipo munatembenuka n'kunena kuti, "Ohoo, kani zimakhala." Ndinakuonetsani Georgia, munatulutsa dzanja pawindo n'kutapa chipale, mukuti chikufanana ndi ufa wa mphale wosefa bwino. Ndinakuonetsani tiyi wa ku Sri Lanka, munati mizere yake ndi ya munthu wosamwa mowa. Sindinakuoneni mukutsokomola ngakhale kamodzi. Ndinatsamira paphewa panu, mukununkhira utsi ndi sopo, ndipo munandisisita timikanda ta pachifuwa n'kunena kuti, "Unasankha bwino." Ulendo umenewo unali wabwino kuposa maulendo anga onse, Amayi, ndipo ndi wokhawo umene sindinalipire.

Podzidzimuka, dzuwa la pa magalasi linali litafiira.

Ndinathamanga! Bulangete kukhwapa, chikwama cha amoyo chikundimenya m'chiuno, diresi n'kusololokanso m'buluku, ine n'kulinyamula ndi manja awiri ngati mkwatibwi wothawa mvula. Anthu ankandipatsa njira okha. Pa geti panali mtsikana mmodzi akuzimitsa kompyuta. Anayang'ana tikiti, anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Khalasi, bwana. Inapita kalekale."

Tikiti yoduladula ili ngati mikanda ya pa ulusi umodzi: woyamba ukaduka, yonse yamwazika. Muscat inapita, Dar es Salaam inapita, Lilongwe inapita. Ndege zina zinalipo, za anthu a matumba onona. Langa linali litathera m'nsapato za malume. Ine woyenda mayiko, sing'anga wa matikiti, ndinalephera kutuluka mu Doha.

Ndili chikhalire pa geti lopanda munthu, foni inalira. Esinati, ya vidiyo. Ndinayankha osaganiza. Anali m'nyumba ya siwa, kumbuyo kwake amayi akuimba nyimbo ija munkaikonda.

"Achimwene, mwafika ku Muscat kwanuko?"

"Ndili ku Doha."

"Doha yake iti?"

"Yomweyi, Esinati. Ndinagona."

Mayi aang'ono, mng'ono wanu uja, anamulanda foni Esinati n'kuiyandikiza kumaso mpaka ndinkangoona mphuno.

"Layitoni, za iwe tidzakamba. Diresi lili kuti? Mwina upatsire wina amene akubwera."

"Lilipo, mayi."

"Kuti? Nanga icho chikunyezimira pakhosipo n'chiyani? Takankhira kutali foniyo tikuone."

Ndinakankhira. Mwana womvera, mukundidziwa.

Nyimbo inaduka pakati. Nkhope zinaunjikana pa foni, mipango yokhayokha. Kenaka mayi aang'ono anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Koma lakukhala, mwana wa achemwali."

Nyumba yonse ya siwa inaphulika. Amayi akuluakulu kugubuduka pa mphasa, kuseka ndi misozi ya maliro ili m'masaya, wina akukuwa kuti, "Atembenuke tione kumbuyo!" Esinati akuti anthu a panja anathamangira m'nyumba poganiza kuti mwadzuka.

Anakuvekani zovala zanu za chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Ine ndinafika Loweruka, pa tikiti yolunjika imene Jafali ndi anzathu anasonkherana, dothi la pamanda litayamba kuuma. Ana a m'mudzi ankanditchula kuti Mkwatibwi. Malume anayesa nsapato zawo ndisanakhale n'komwe pansi, n'kudandaula kuti zikuthina. Diresi anatenga mayi aang'ono, akuti adzapitira lomwelo, bola ndisadzalibwereke.

Ndiye ndikulumbira pamaso panu, Amayi: tikiti yoduladula ndasiya, ndipo chovala cha munthu wina sichidzandilowanso m'thupi ngakhale sikelo ilire bwanji. Tsiku langa likadzafika, andikweze ndege yolunjika, ndipo wina akhale pambali pa bokosi kuti ndisapitirire.

Koma musaganize kuti poti ndaseka ndiye ndakhululuka. Esinati anandiuza onse amene sanabwere, ndipo muwamve. Achimwene a Lameki, mwana wanu woyamba, akuti bwana wa ku Joni anakana, koma sabata yomweyo anajambulitsa ali ku nyanja. Akazi awo, a ku Area 25 ku Lilongwe, pafupi ndi kwathu, akuti mutu unawawa, koma perefyumu anatuma mwana kudzatenga. Filipo, amene munamulera ngati wobala nokha mpaka kukhala mphunzitsi pa Mponela, akuti ankalembetsa mayeso. A Gwaza, amene munawasungira ana chaka cha njala, akuti sanamve, chonsecho belu la tchalitchi lili kuseri kwa nyumba yawo. Ndi Layitoni, chitsirizira chanu, wodziwa njira zonse za padziko, amene pa nthawi imene ankakutsitsirani m'manda anali ku Al Sadd, pa sinki ya hotela, akuchapa thukuta lake m'diresi lanu.