Tsiku limene ndinatsina apongozi

Ku Bangula, kwawo kwa mkazi wanga, ndimapitabe, koma ndikamatsika minibasi alamu anga amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Gwero lake ndi maso angawa.

Chibadwire sindiona patali. Nditapita kukagwira ntchito ku Joni, dokotala wina anandiyeza n'kundipatsa timagalasi tiwiri touma, tating'ono ngati mamba a nsomba, toika m'maso pogona. Anati usiku wonse timadinikiza kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso mpaka kaphwatalale pang'ono, ndiye m'mawa ukatichotsa umaona bwinobwino tsiku lonse popanda mandala. Anachenjezanso kuti ukasiya kuvala, kachikopako kamatukukanso ngati matiresi amene munthu wadzukapo. (Chenjezoli ndinalimvera khutu limodzi.)

Nditabwerako, kwawo kwa mkazi wanga kunali mwambo womanga chiliza cha agogo ake, masiku anayi. Timagalasi ndinatisiya dala kunyumba ku Nchalo. Mkamwini wanji wotokosa m'maso alamu akuona? Komanso ine ndinkadziyesa wochira.

Tsiku loyamba ndinkachita kudzitama, kulozera anthu mabwato ali kutali m'dambo. Lachiwiri nkhope za anthu zinayamba kuchita mbuu, ndinanamizira dzuwa. Lachinayi amayi onse apabanjapo anavala chitenje chofanana ndi duku lofanana, monga timachitira pa zochitika.

Ndinaona mkazi wanga atawerama kuseri kwa khitchini akutsuka mbale. Ndinanyang'ama n'kumutsina m'nthiti.

"Iwe, mwamuna wako wamuiwala?"

Amene anatembenuka anali apongozi. Mayi amene chikwatirireni ndinali ndisanawagwireko ngakhale dzanja, amene tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "mwana wanga ali kumjigo."

Ndinagwada pompo, m'matope a madzi otsukira mbale, thalauza latsopano. Manyazi ndi mantha zinandigwirira limodzi. Mumtima ndinangoti banja latha.

Madzulo amalume a mkazi wanga anandiitanitsa. Ndinaulula zonse, za kachikopa ndi matiresi omwe. Iwo anaimirira, n'kuyenda mpaka pamtengo wa msawu, n'kukweza dzanja.

"Akamwini, zala zingati izi?"

Ndinatong'ola maso, ndinatsinzinira, ndinapemphera.

"Zitatu, bambo."

Anali atanyamula nthochi. Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo kuseri kwa chitseko ndinamva kuseka kumene sindinakumvepo chikhalire. Anali apongozi.

Mlandu unatha nditalipa nkhuku, tambala mmodzi. Pochoka, apongozi anatuma mkazi wanga kudzandiuza kuti andikhululukira, koma ulendo wina tinthu tangato ndidzabwere nato, nditokose m'maso mmene ndingathere, palibe adzandiseke.

Masiku ano sindigona osavala timagalasi tanga, ndipo ndimaona mpaka nyerere. Komabe munthu wovala chitenje akawerama, ngakhale m'khitchini mwanga momwe, ndimayamba ndatsokomola kuti atembenuke.