Kalasi ya Magetsi ndi Mawailesi Akufa

Lolemba
A Dokotala, amene akuyang'anira digiri yanga yachiwiri ya zamagetsi, akuti ngati ndikufuna andipatse kalasi ya chaka choyamba ku yunivesite kuti ndiziphunzitsa, ndiwatumizire vidiyo ndikuphunzitsa anthu enieni. Pofika Lamulungu. Chabwino! Holo ya kutchalitchi ndapempha, ana a Fomu 4 ndaitana. Ndili ndi choko, batire, mawaya, babu. Wojambula ndi msuweni wanga Chimwemwe. Kalasi imeneyi ndi yanga basi.

Lachiwiri
Abwera ana anayi. Ndikungoyamba kulemba lamulo la Ohm pa bolodi, akulowa amayi anga ndi anzawo. Kani alengeza kale kumsika kuti mwana wawo "wamaliza magetsi onse". Wina wanyamula wailesi yakufa. Mnzawo wa amayi ako ungamukanire? Ndakonza. Kawaya kamodzi kokha. Ndadziputira ndekha.

Lachitatu
Pakhomo pa holo: mawailesi, matochi, simbi, mafoni oti anagwera m'nyanja chaka chatha. Ndalamula kuti phunziro kaye, kukonza pambuyo. Onse akhala chete ngati pamaliro, aliyense chake pamiyendo, maso ali pa chikwama changa cha zida. Bolodi ndikuliyang'ana ndekha.

Lachinayi
Abwera asodzi a kugombe la Chikale ndi nyali zawo zokopera usipa. Mwayi! Ndikuwafotokozera chifukwa chake batire limatha msanga. Mkulu wina akuyamba ndi kuthokoza m'kayankhulidwe ka kumpoto kuno, akuti, "Yewo adada, kweni ife tikufuna iyake. Usipa sudikira sukulu." Wandisiyira mbale ya usipa. Sindigonja.

Lachisanu
Magetsi azima tauni yonse. Akuti ndi ine, ndimayesa zinthu. Ana anga a Fomu 4 atsala awiri, ndipo ndi amene akulandira katundu pakhomo.

Loweruka
Tsiku lomaliza kujambula. Ndavala tayi. Ndatseka chitseko. Akupatsira pawindo! Ndikuphunzitsabe mofuula mpaka mawu kusasa, dzanja ili choko, dzanja ili ketulo. Vidiyo ndatumiza osaionera.

Lamulungu
Ndaionera. Chimwemwe wajambula msana wanga ndi mzere wa anthu, bolodi silikuoneka n'komwe. Mtima ukuwawa, sindinama. Potuluka m'tchalitchi ndapeza a Dokotala ayankha: kalasi apatsa wina, ine ndidzayesenso teremu yamawa. Pansi pake awonjezera: "Pobwera musaiwale zida zanu. Firiji ya kunyumba ikuvuta."