Sikelo Yonenepetsa Nyama

Kunali nkhalango ina, ndipo m'nkhalangomo munali sikelo imodzi yokha, pansi pa kachere wa pabwalo la mfumu Mkango. Lamulo linkati chaka cha njala nyama iliyonse ikwere pasikelopo, ndipo yopezeka kuti yaonda ilandire dengu la chakudya kuchokera m'nkhokwe ya mfumu. Sikeloyo itakalamba, muvi wake n'kuyamba kunjenjemera, anasankha njiri ina, a Kamzimbi, kuti akhale wapampando wopeza mmisiri woiwongola.

A Kamzimbi anali ngati tonsefe: mtima wabwino ndithu, koma khutu lokonda kukandidwa. Tsiku lolandira udindowo anayenda mchira uli njo, akupereka moni ngakhale kwa zitsa.

Amisiri anabwera awiri. Woyamba anali Nungu, atasenza miyala yake yoyesera.

"Ndifuna masiku atatu," anatero. "Ndikaika mwala wa kilo imodzi, muvi uloze pa imodzi. Wa makilo khumi, uloze pa khumi. Ikakana ndikuuzani kuti yakana. Koma inu bambo, mwayamba kuondatu."

Mawu omalizawo anawalasa a Kamzimbi kuposa minga ya Nunguyo. Kwa anjiri kuonda ndi manyazi, ndipo iwo anali wapampando.

Kenako anafika Fisi. Mwala analibe ngakhale umodzi, koma anali ndi jekete, chidindo chofiira ndi chikwama cha zikalata.

"Bwana wapampando, miyala ndi zachikale," anatero akugwada. "Ife timawongola mwamakono, mogwirizana ndi masomphenya a mfumu. Takwerani muone."

A Kamzimbi atakwera, Fisi anapisa dzanja kunsi kwa sikelo n'kupotokola kena kake. Muvi unalumpha.

"Aaa! Makilo makumi asanu ndi atatu! Thupi la utsogoleri limeneli, bwana."

Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ndani amang'amba mkuyu akumutcha bwana? A Kamzimbi anasayina chikalata pomwepo, Fisi anadinda, ndipo Nungu anasenzanso miyala yake n'kumapita.

Chaka chimenecho mvula inakana. A Kamzimbi anakumba mizu mpaka mphuno kutupa, ndipo kunyumba kwawo kunatsala kamulu kamodzi ka zikhawo koti banja lonse lidye mpaka mvula ina. Tsiku lokwera sikelo anaima pamzere nthiti zili poyera, mtima uli pa dengu la mfumu.

Anakwera Gwape, sikelo inati wanenepa. Anakwera Mbawala wochita kumugwirizira, inati wanenepa. Atakwera a Kamzimbi, inati ali bwino kuposa chaka chatha.

"Sikeloyi ikunama," ananong'ona.

Nyani, mneneri wa mfumu, analoza chikalata chokhomedwa pakachere. "Ndiye kuti wonama ndi amene anasayina apayu?"

Manyazi anawagwira mpaka kumchira. Anatsika mwakachetechete, koma muvi sunabwerere poyambira. Pasikelo panalibe kanthu, iwo uli chilozere pa makilo makumi awiri. Nyama zonse zinaona.

Nyani sanaphethire n'komwe. "Abale anga, chitukuko chija ndi chimenechi! M'dziko la mfumu Mkango ngakhale mpweya wanenepa. Njala ndi mphekesera za ansanje."

Ndipo nyama zinaomba m'manja. Tisabise, kuomba m'manja timakutha, ngakhale m'mimba mukulira. A Kamzimbi nawonso anaomba ziboda zawo, n'kuzindikira ali m'njira kuti amaombera njala yawo yomwe. Anadziseka mpaka misozi.

Sabata yotsatira linali tsiku la msonkho, pakuti msonkho sudziwa chilala: banja lililonse makilo makumi awiri a chakudya. A Kamzimbi anayang'ana kamulu ka zikhawo kaja, anayang'ana akazi awo, n'kunyamula dengu lopanda kanthu. Pabwalo analiika pasikelo. Muvi unaloza pa makumi awiri ndendende.

"Muli chiyani umu?" anafunsa Nyani.

"Mpweya, bwana. Wonenepa uja."

Kumbuyo kwa mzere kunamveka kukhuthula. Nyama zinkabisa chakudya chawo m'tchire n'kubwerera ndi madengu oyera, iliyonse ikugwada mwaulemu.

Mkango anabangula. "Sikelo imeneyi ndi yabodza!"

"Ngati ndi yabodza, mfumu," anatero a Kamzimbi, mawu akutuluka mwapang'onopang'ono, "cholakwa ndi changa, ndinasankha ndine. Tiitane woiwongola, tikwerenso tonse, mutsekule nkhokwe. Koma ngati ndi yoona, landirani msonkho wanu."

Mkango anayang'ana nkhokwe yake yodzaza, anayang'ana mzere wa nthiti womwe unafika mpaka kumtsinje. Kenako anatsokomola n'kukodola Nyani.

Nyani analengeza kuti sikelo ya mfumu sinanamepo chiyambire, ndipo msonkho wa chaka chino walandiridwa wonse. Madengu a mpweya anawanyamula asilikali awiriawiri, akubuula ngati alemedwa. A Kamzimbi anapita kwawo kukadya zikhawo ndi ana awo.